Kachitini ka phula la njuchi ndi satifiketi yomwe makasitomala amaifuna

Mafuta amene ndimapaka pa mathabwa odulirapo ndiwo ndimapanga ndekha, ndipo mulibe chinsinsi chilichonse: phula la njuchi gawo limodzi, mafuta oyera a ku famase aja amalemba kuti liquid paraffin magawo anayi, basi. Phulalo ndimaliduladula tizidutswa n'kuika m'chitini chotsuka bwino, chitinicho n'kuchikhazika mupoto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni ayi chifukwa phula likatentha mopitirira limayaka. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndiye madzi safunika kuchita kubwata. Likasungunuka ndimalisefa pa kansalu, mumatsalira timiyendo ta njuchi, tizinyalala ta mumng'oma, nthawi zina ndi mchenga womwe, kenako ndimathira mafuta aja, kutakasa, n'kugawa m'tizitini. Pofika mawa lake zimakhala zagwirana ngati majarini. Ukazipaka pa thabwa la mbawa lokwecha bwino ndi sandipepa limasintha pomwepo, mizere ya mtengo ija kuonekera yonse, munthu mpaka kuchita manyazi kudulirapo anyezi.

Kupanga sikuvuta, olo mwana wa Sitandade 8 atha kupanga. Nkhani imayamba pomwe wati kachitiniko ugulitse, kapena thabwalo lipite kwa anthu a malodji, kapena kwa abale athu a ku Joni ndi ku UK amene amafuna kukagulitsa kumisika ya kumeneko. Funso lake limakhala limodzimodzi: kodi ndi food safe, kutanthauza kuti sizingaipitse chakudya? Ukati eya, lachiwiri likubwera: satifiketi muli nayo? Amayi ena amene amatumiza zosema ku Ulaya anandifunsa choncho pa WhatsApp, ati "achimwene munditumizire satifiketi ya mafuta anuwo, kasitomala wanga akuifuna asanapange oda", ndipo mmene ankalankhuliramo zimaoneka kuti m'mutu mwawo muli ofesi ina yake kwinakwake yomwe umapititsako kachitini, iwo n'kununkhiza, n'kumenya chidindo, iwe n'kubwerako ndi pepala la mkombero wagolide. Anthu ambiri amaganiza choncho. Ofesi imeneyo kulibe, ku America kulibe, ku Ulaya kulibenso, ndipo chimene chilipo m'malo mwake ndi chovutirapo kuposa chidindo.

Tiyambe ndi ku America chifukwa ndi kumene kumachokera timalebulo tolembedwa FDA approved timene timadzaza pa intaneti. FDA ndi bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, koma siliyeza kachitini ka kalipentala aliyense n'kukavomereza. Chimene lili nacho ndi mindandanda ya zinthu zololedwa kukhudzana ndi chakudya, m'buku la malamulo lija amati Code of Federal Regulations, mutu 21. Gawo limene anthu a matabwa amalitchula kwambiri ndi 175.300, lonena za zopaka zomwe zimauma n'kupanga chikopa pamwamba pa chinthu. Mineral oil woyera, yemwe ndi liquid paraffin uja, ali pa 172.878, phula la njuchi lili pa 184.1973 m'gulu la zinthu zomwe zimadziwika kale kuti sizipweteka. Ndiye wopanga zinthu woona mtima akhoza kulemba kuti zonse zomwe ndathira muno zili pa mndandanda wa gawo lakutilakuti, zimenezo ndi zoona ndipo munthu angathe kukafufuza. Koma kulemba kuti FDA inavomereza kachitini kanga ndi bodza lamkunkhuniza, olo zamkatimo zikhale zabwino bwanji.

Gawo la 175.300 lija ukaliwerenga umadabwa. Muli mafuta ofinyidwa ku njere za linseed, muli a njere za mtengo wa tung, muli utomoni wamitundumitundu, ndipo mulinso timankhwala tachitsulo tofulumizitsa kuuma monga cobalt ndi manganese, tomwe anthu ambiri akangomva dzina amathawa. Mtovu mulibe. Koma lamulolo silithera pa mndandanda, limanenanso kuti chopakacho chikauma chiyezedwe: amachinyika m'madzi, mu mankhwala otchedwa heptane amene amaimira zakudya zamafuta, ndi mu mowa wa 8 peresenti, kwa nthawi ndi kutentha koikika, kenako n'kuyeza kuti zomwe zasuluka ndi zochuluka bwanji. Kuyeza kumeneko kumachitikira ku labu ndipo amalipira ndi mwini katundu. Apa ndi pomwe opanga za pakhomo ambiri amagwera ulesi, amangoona dzina la mafuta awo pa mndandanda n'kuthamangira kukasindikiza lebulo.

Pachifukwa chomwecho akatswiri ena a vanishi ku America akhala akunena kwa zaka zambiri kuti vanishi aliyense woonekera mkati akangouma fetefete ndi wabwinobwino kudyerapo, ndipo amati udikire mwezi wathunthu, kapena ugunditse mphuno pa thabwapo, ngati fungo likumvekabe ndiye kuti sanaume. Ine sinditsutsa, mfundo yawo ili ndi mutu. Koma iwo akunena za dziko lomwe mtovu anauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978, n'kudzatsitsanso mlingo wake kufika pa magawo 90 pa miliyoni mu 2009, dziko lomwe chitini chilichonse chili ndi dzina la kampani ndi pepala lofotokoza zamkati. Kuno kwathu vanishi timagulanso wopungulira m'mabotolo a zakumwa, opanda lebulo, mnyamata wa pa hadiweya ukamufunsa kuti ndi wa kampani yanji amangoti "ndi original bwana". Ndipo zaka zapitazi kafukufuku wa bungwe lolimbana ndi mtovu la LEEP anapeza mtovu wochuluka mu penti wina wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi momwe muno. Ndiye mawu oti chilichonse chikauma ndi chabwino ine sindingawanyamule kuchoka ku America n'kudzawatula pa msika wa Ndirande osawayang'ana kawiri.

Ku Ulaya amayendera lamulo la EU nambala 1935/2004, ndipo ku UK anapitiriza nalo atatuluka mu EU. Mtima wa lamulolo ndi wachidule: chinthu chokhudzana ndi chakudya chisatulutsire m'chakudyamo zinthu zoika moyo pachiswe, chisasinthe chakudyacho mosayenera, komanso chisawononge kakomedwe ndi fungo lake. Chachitatuchi anthu amachiiwala, koma chimatanthauza kuti mbale yomwe ikununkhitsa saladi tepentaini yalakwa kale olo wina asadwale. Lamulo lomwelo ndi limene lili ndi kachizindikiro ka tambula ndi foloko kamene mumakaona pansi pa makontena a pulasitiki, limafunanso dzina ndi adiresi ya wopanga kapena wogulitsa, komanso kuti katundu azitheka kumulondola komwe wachokera. Kachizindikiroko sikagulidwa ku ofesi iliyonse, umakaika wekha, ndipo ukakaika ndiye kuti wasenza mlandu wonse ngati zitadzapezeka kuti sizinali zoona. Mapulasitiki ali ndi lamulo lawolawo latsatanetsatane la EU yonse, koma matabwa, vanishi ndi phula alibe, zimatsalira ku lamulo lalikulu lija ndi malamulo a dziko lililonse palokha. Ndiye chimene kasitomala wa amayi aja ankachitcha satifiketi kwenikweni ndi zinthu ziwiri, kalata yomwe wopanga amalemba yekha n'kusainira kuti katundu wanga ndi wakuti, muli zakuti, akugwirizana ndi lamulo lakuti, ndipo ngati oda ndi yaikulu, lipoti la ku labu. Kalatayo ilibe mphamvu ngati kumbuyo kwake kulibe mapepala a komwe unagula zinthu zako.

Pamenepo ndi pomwe ife timavutikira, pogula.

Tengani mafuta aja. A ku famase amakhala oyengedwa mpaka poti munthu amamwa akadzimbidwa, pa botolo pamalembedwa BP kapena USP, kusonyeza kuti akwanira miyezo ya mankhwala ya ku UK kapena ku America, pali nambala ya batch ndi tsiku lotha ntchito. Koma ukamutuma mwana kuti kagule paraffin osamufotokozera akubweretsera wa nyale, ndipo ameneyo ndi poizoni, asayandikire n'komwe thabwa la chakudya. Baby oil nayenso ndi mineral oil koma amathiramo zonunkhiritsa, ndiye ayi. Mafuta a makina osokera amaoneka oyera mbee chimodzimodzi, palibe amene anawayenga kuti alowe m'mimba mwa munthu. Ndipo pali oilo wakuda wa galimoto amene timapaka mitengo ya denga ndi ya khola kuti chiswe chisadye, ameneyo ndamuonapo atapakidwa pa benchi yogulitsirapo nyama, eni ake ati kuti isaole.

Phula nalonso lili ndi nkhani yake. Ku Ulaya phula la njuchi ndi lololedwa mu zakudya, nambala yake pa mndandanda wa zothira mu zakudya ndi E901. Koma E901 ndi phula loyengedwa lokwanira mlingo woikika, si chibuma chilichonse chachikasu chomwe wagula pamsewu. Ena amasakaniza ndi makandulo kuti lilemere, ndipo ndi maso sungadziwe msanga. Phula limamwanso mankhwala, ndiye ming'oma ikakhala pafupi ndi minda yopoperedwa kwambiri zina mwa izo zimakathera m'malesa. Ine ndimagula kwa bambo ena achikulire amene ndimadziwa komwe ming'oma yawo ili, ndipo tsiku lomwe ndinawapempha kuti azindilembera kapepala ka deti ndi malo omwe afula anaseka mpaka kutsokomola, ati "mwana wanga, njuchi zilinso ndi risiti?" Koma amalemba, pa pepala lothothola mu kope, ndipo mapepala amenewo ndimawasunga mu fayilo limodzi ndi malebulo omatula pa mabotolo a ku famase. Si labu, ndikudziwa, koma munthu atandifunsa kuti kachitini aka phula lake linachokera kuti nditha kumuyankha.

Anzathu osema ziboliboli ambiri amamalizira ndi polishi wa nsapato, wakuda kapena wa bulauni, n'kupukuta ndi burashi mpaka chinthu kuwala. Pa njovu yoika pa shelefu palibe vuto. Koma dzanja lomwelo limasemanso mbale za saladi ndi masipuni ake, ndipo burashi yake ndi yomweyo. Mu polishi muli utoto ndi mankhwala osungunulira omwe sanapangidwire pakamwa, ukathira viniga kapena mandimu m'mbale yoteroyo n'kupukuta ndi kansalu koyera kamatuluka kabulauni. Sindikuwanyoza, polishi ndi wotchipa, amapezeka paliponse ndipo amabisa msanga kuti mtengowo si phingo weniweni, koma mlendo akafunsa ngati angadyeremo yankho loona ndi lakuti ayi, ndipo ndikanakonda akanamasiyanitsa pa tebulo pomwepo, izi zokongoletsera, izi zodyera.

Ena amati bwanji osangopaka mafuta ophikira, si chakudya kale? Amapakika, koma sauma, pakapita miyezi amayamba kununkha ndi kumata, thabwa lonse fungo la chiwaya chakale. A mtedza ali ndi vuto linanso: kunjaku kuli anthu ambiri omwe thupi lawo limadana ndi mtedza moti pang'ono pokha akhoza kubanika, ndipo ku EU mtedza uli pa mndandanda wa zinthu 14 zomwe zimayenera kutchulidwa pa zakudya. Mafuta ofinya pakhomo amakhala ndi zotsalira za mtedzawo kuposa oyengedwa ku fakitale. A walnut amene akalipentala a kunja amawakonda chifukwa amauma, ngakhalenso a macadamia athu a ku Thyolo, onsewo ngati wathiramo uyenera kulemba poonekera.

Chimene chimandiwawa ine ndi tung. Mafuta a tung ndi amodzi mwa abwino kwambiri pa matabwa odyerapo, amalowa mkati, amauma okha popanda mankhwala ndipo madzi salowa, olo kuti njere zake zosafinya ndi zakupha. Mtengowu kwawo ndi ku China, koma Malawi ankaulima kwambiri nthawi ya atsamunda. Mzinda wa Mzuzu unakulira pa esiteti ya tung imene inayamba mu 1947, ndipo siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe inayamba ngati malo oyeserera tung yemweyo. Lero kalipentala wa ku Mzuzu akafuna botolo la tung weniweni ayenera kuitanitsa kunja. Ndipo poitanitsapo asamale, chifukwa zitini zambiri zolembedwa tung oil finish mkati mwake ndi vanishi wosungunula ndi thinala, tung ali pang'ono kapena mulibiretu. Chimodzimodzi linseed, wosaphika ndi mafuta okhaokha koma amatenga masabata kuti aume, pomwe wolembedwa boiled nthawi zambiri sanaphikidwe n'komwe, anangomuthira timankhwala tachitsulo tija. Chopakira china ndi shellac, amachokera ku tizilombo tina ta ku India ndi Thailand, amakutira maswiti ndi mapilitsi, koma kuti umupake uyenera kumusungunula mu mowa, ndipo sipiriti wapepo wa m'magolosale uja anamuthira utoto ndi zina dala kuti asamwedwe.

Palinso mbali ina imene anthu saiganizira chifukwa maso onse ali pa chakudya. Kachitini ka mafuta opakira si chakudya, ndi mankhwala osakaniza, ndiye kali ndi malamulo akeake a lebulo. Ku EU ndi lamulo la 1272/2008, lija limabweretsa timadayamondi tofiira tochenjeza. Ngati wathiramo tepentaini kapena mafuta a makoko a malalanje kuti zifewe, olo uzitche zachilengedwe, zimayaka, zimayabwa pakhungu ndipo ziyenera kuchenjezedwa. Mineral oil wopepuka kwambiri mwana akamwa n'kutsamwa amalowa m'mapapo, n'chifukwa chake ku America kuyambira 2002 mafuta oterowo amagulitsidwa ndi zitsekerero zoti mwana asatsegule. Ndiye pali nsanza. Nsanza zonyowa ndi linseed kapena tung ukaziunjika pamodzi zimatentha zokha pomwe mafutawo akuuma mpaka kubuka moto popanda machesi. Mu February 1991 nyumba yosanja ya One Meridian Plaza ku Philadelphia inapsa chifukwa cha nsanza za linseed zomwe antchito anasiya, ozimitsa moto atatu anafera pomwepo. M'mashedi athu momwe pansi ponse ndi utuchi ndi mapalapala a matabwa, chenjezo limenelo kwa ine ndi lofunika kuposa kachizindikiro ka tambula ndi foloko. Nsanzazo uziyanike payokhapayokha panja kapena uzinyike m'madzi m'chitini chotseka.

Ndipo mafuta abwino sapulumutsa thabwa loipa. Achinyamata ambiri pano akupanga zinthu ndi mapaleti chifukwa matabwa akwera mtengo, koma paleti yodindidwa MB inafukizidwa ndi methyl bromide, poizoni wophera tizilombo, ya HT ndiyo inangotenthedwa, ndipo olo ya HT yomweyo sudziwa kuti inanyamula feteleza kapena mankhwala a mbewu. Mapolo obiriwira aja amanyikidwa mu mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic. Ku South Africa kuli mtengo wa tamboti, wokongola zedi, koma utomoni wake ndi woopsa moti nyama yowotchera pa nkhuni zake imatsegula m'mimba. Makolo athu mthiko, chipande ndi mtondo sankapaka kanthu, ankangodziwa mtengo woyenera, ndipo mpaka pano ine mthiko sindipaka chilichonse, ukalowa mu nsima yotentha phula lingosungunukiramo basi.

Kuno kwathu bungwe loona za miyezo ndi Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ndi lomwe limapereka chizindikiro cha MBS chomwe timachiona pa uchi, mafuta ophikira ndi zina. Amene akufuna kuti tizitini take tilowe m'mashopu akuluakulu ayambire kumeneko kukafunsa zomwe zikufunika pa katundu wa mtundu wakewo, asanawononge ndalama kusindikiza malebulo. Chomwe sayenera kuchita ndi kukopera chizindikirocho pa botolo la uchi n'kuchimata pa kachitini kake poti phula ndi uchi zonse n'za njuchi. Ndipo pepala la kwathu kuno silichotsa zomwe lamulo la dziko lomwe katundu akupita likufuna, wolandira katunduyo kumeneko ndi amene amakayankha, n'chifukwa chake amavuta ndi mafunso.

Lebulo yanga ndi yosasangalatsa kuiona. Pamwamba dzina la katundu, kenako zamkati motsatana kuyambira chochuluka: liquid paraffin BP, phula la njuchi losefa. Pali kulemera kwake, mwezi ndi chaka chomwe ndapanga, nambala ya batch yomwe imagwirizana ndi ya mu fayilo ija, ndi nambala yanga ya foni. Pali mzere wonena kuti mulibe mafuta a mtedza wa mtundu uliwonse, mulibe thinala, mulibe zonunkhiritsa. Pali kapakidwe: pakani pa thabwa louma, lisiyeni usiku wonse, pukutani zotsala. Ndipo pali mawu oti si chakudya, sungani patali ndi ana, chifukwa zimaonekadi zokoma ndipo zimanunkhira uchi. Tizitini ta linseed, tomwe ndimapangira mipando ndi zitseko, tili ndi lebulo ya mtundu wina dala kuti munthu asasokoneze, chenjezo la nsanza lili m'zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Mawu oti FDA approved palibe, certified palibe, organic palibenso chifukwa amenewonso ali ndi mabungwe ake oyendera ndipo ming'oma ya bambo aja palibe anaiyendera. Ndikudziwa kuti pa tebulo la pa msika kachitini koyandikana nako kolembedwa 100% food safe certified kamayenda msanga kuposa kanga, makasitomala amakonda mawu akuluakulu, ndipo amene analemba mawuwo mwina zamkati mwake n'zofanana ndi zanga ndendende. Amayi aja ndinawatumizira kalata ya tsamba limodzi yosainira, zithunzi za lebulo ya botolo la ku famase, ndi kufotokoza kuti ngati kasitomala akufuna lipoti la labu tigawane mtengo wake chifukwa pa mathabwa ochepa ndekha sindingakwanitse. Kasitomalayo anavomera kalatayo pa oda yoyamba, koma anati ikadzakula lipotilo lidzafunika ndithu, ndiye pano ndikusunga kachitini kamodzi kosatsegula pa batch iliyonse kuti tsiku lomwe adzati tiyeze, chokayezetsa chidzakhalepo.